Jekete ya woyendetsa ndege idafundulira pa Mussacama

Woyamba kuona sindidali ine. Adali mayi wina amene tidapanikizana naye pampando wakumbuyo m'minibasi, ija timati chapa, tsiku lomwe ndinkachokera kuntchito ku Moatize kupita kwathu ku Ulongwe. Titakhota pa Mussacama n'kusiya msewu wa ku Zóbuè, mayiwo adayamba kusasa nsalu yawo, kundiyang'ana cham'mbali, kusasanso. Kachitatu sadathe kudzigwira.

"Bambo, pepanitu, koma chovala chanuchi chikundiyoyokera."

Nditacheuka ndidaona timakoko tofiirira, ngati tija timatsala m'lichero mukafikisa mtedza wokazinga, tili mbwee pamiyendo pawo, paphewa panga, mpaka pamtolo wa nsomba za chicoa umene udali pakati pathu. Ndidapisa dzanja kukhosi. Pamene kolala imakhudzana ndi phewa padali patasupuka, pansi pake pakuoneka nsalu yotuwa yolukidwa bwinobwino. Jekete yanga ya m'filimu, ya mametikali 6,500, inkafundula ngati njoka anthu akuona. Kondakitala adaseka mpaka kuiwala chenji changa. Ndidaivula, n'kuitembenuza, n'kuikhalira mpaka kukafika.

Matenda a jekete imeneyi adandigwira ndili mwana. Ndine mmodzi wa ana aja adakulira m'midzi ya othawa nkhondo ku Dedza, makolo atawoloka malire usiku ndi mphika ndi mbuzi ziwiri, ndipo tidabwerera kuno ku Angónia mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Pamsika wa ku Dedza kuja padali kanyumba koonetsera vidiyo, makoma a mphasa, jenereta ikulira kuseri. Tinkanyamulira anthu katundu kuti tipeze matambala olowera. Chingerezi sitinkachimva, choncho filimu yabwino kwa ife idali ya zibakera zambiri ndi mawu ochepa. Top Gun, ya 1986, idali yolongolola, moti anzanga ankatuluka ndege zikangotera. Ine ndinkatsala chifukwa cha jekete ya Tom Cruise, yofiirira moderako, kolala yaubweya, mabaji thoo kutsogolo ndi kumbuyo. Mwana wovala juzi yolandira, manja ake olendewera mpaka m'mawondo, m'chisanu cha Juni cha ku Dedza, akaona chinthu chotere saiwala.

Filimu yachiwiri itatuluka mu 2022, majekete aja adadzaza Facebook. Mnyamata wina wa ku Maputo ankaika zithunzi tsiku ndi tsiku, ndipo ndidamulembera pa WhatsApp. Yankho lidabwera msanga, m'Chipwitikizi chotsekemera: original do filme, napa de primeira, kutanthauza kuti yeniyeni ya m'filimu, ya napa yapamwamba, ndipo ya saizi yanga yangotsala imodzi. Nthawi zonse imangotsala imodzi. Ndidatumiza ndalama pafoni, ndipo sabata isadathe phukusi lidafika pa basi. Idali yopepuka ngati shati, yonyezimira, fungo lake ngati mpando wa galimoto yatsopano. Ine ndinkayesa kuti ku America kumanunkhira choncho.

Juni ndi Julayi wa chaka chimenecho adandikomera. Ulongwe ali pamtunda, mamita oposa 1,200, ndipo mphepo ya m'mawa yochokera kuphiri la Domwe imapatsa munthu chifukwa chabwino chovalira jekete. Kutchalitchi ndinkalowa mochedwa dala. Kenako ndidapita nayo ku Moatize n'kuikoloweka pamsomali kuseri kwa chitseko, m'chipinda cha malata chopanda siling'i. Amene adakhalako kuchigwa cha Zambezi mu Okutobala ndi Novembala akudziwa kuti kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo mvula ikayamba mpweya umakhala ngati nthunzi ya mumphika. Jekete idagonera pamsomali paja nyengo ziwiri zotere. Poti sindinkaivala, ndinkati ndikuisunga.

Kumsika wa Ulongwe kuli mkulu wina wosoka nsapato, mnzawo wa malemu bambo anga. Unyamata wawo adaudyera ku Gweru, ku Zimbabwe, kufakitale ya Bata, ndipo zaka zingapo adagwira mbali yofufuta zikopa asadapite kosoka. Ndidawapititsira jekete ija ndikuganiza kuti pali guluu kapena polishi wina wake wobwezeretsa.

Kunja sadakuyang'ane n'komwe. Adaitembenuza, adafufuza pamene nsalu yam'kati idalumikizana ndi m'munsi, adadula ulusi pang'ono ndi kampeni, n'kupisa zala ziwiri.

"Mwana wanga, nyama imeneyi inkadya msipu wa kuti?"

"Akuti ndi napa, bambo."

"Napa." Adaseka osatsegula pakamwa, misomali ya nsapato ili pamilomo. "Pisa dzanja umve wekha."

Kuseri kwake kudali kosalala ngati m'kati mwa sokosi. Kenako adanditolera chidutswa cha chikopa cha ng'ombe m'bokosi lawo. Kuseri kwa chimenecho kudali tiulusi topiringizana topanda mzere, ngati ndevu za chimanga zimene mwana wasewera nazo.

"Chikopa sachiluka," adatero. "Ulusi wake udamera wokha, wina uku wina uko, n'chifukwa chake ukachidula sichisosoka. Chakochi ndi nsalu. Adaipaka phala la pulasitiki pamwamba, n'kudindapo makwinya ndi chitsulo chamoto."

Phalalo dzina lake ndi polyurethane, pamalebulo amangolemba kuti PU. Mdani wake ndi chinyezi chikagwirizana ndi kutentha. Madzi a mumpweya amalowa n'kumadula pang'onopang'ono timaunyolo timene timagwira pulasitikiyo, mpaka imayamba kumata, kenako kusweka. Zimachitika ngakhale chovala chili chogona m'sutikesi, ndipo chikayamba palibe mankhwala. Chipinda changa cha ku Moatize chidaipatsa zonse ziwiri mosaumira.

Liwu lakuti napa ndilo lidandiwawa kwambiri, chifukwa tikati tiuzenge mlanduwu pabwalo, mnyamata uja akhoza kupulumuka. Pachiyambi nappa ndi chikopa chenicheni, chofewa kwambiri, ndipo dzinali lidachokera ku tauni ya Napa ku California, kumene Emanuel Manasse adayamba kuchifufuta mwa njira imeneyo mu 1875. Koma m'Chipwitikizi cha m'misika mwathu, mukapita kwa okonza mipando ya galimoto mumzinda wa Tete n'kunena kuti mukufuna napa, akupimirani pulasitiki ya pampukutu, pa mita. Chikopa cha nyama amati cabedal, pele kapena couro. Iye adaponya liwu la nkhope ziwiri, ine ndidasankha nkhope imene mtima unkafuna. Mayiko ena adatopa nazo zimenezi. Ku Brazil lamulo la 1965 limaletsa kutchula couro chinthu chosachokera kunyama, ndipo Portugal idakhazikitsa lofanana nalo mu 2022. Pamsika wa kwathu kuno wapolisi wake ndi zala zako. Zanga zidali m'thumba, zikutumiza ndalama. Safunsa adadya phula, ine ndidachita kulivala.

Tsiku limenelo ndidakhala pabenchi pawo mpaka dzuwa kupendeka, iwo akukhoma zidendene za anthu, ine ndikugwiragwira zidutswa. Adandionetsa kuti nyama iliyonse imasiya chidindo chake. Chikopa cha mbuzi chili ndi timiyalamiyala pamwamba, n'cholimba koma chosalemera. Cha nkhosa n'chosalala, chofewa ngati tsaya la khanda, ndipo chikakodwa pawaya chimang'ambika osakambirana. Cha nkhumba sichibisala, timabowo take ta ubweya timakhala titatutitatu ngati mafuwa. Cha ng'ombe timabowo take n'tating'ono, tothinana. Pulasitiki nayonso amaidinda timabowo, koma mukaiyang'anitsitsa padzuwa mupeza kuti chithunzi n'chimodzi chongobwerezedwa, khwinya la pamkono lili ndi mapasa ake kumsana. Nyama sikhala choncho. Kumimba chikopa chimakhala chotayirira, kumsana chothina, apa chipsera cha nkhupakupa, apo pamene idakalidwa ndi minga. Mukadina ndi chala chachikulu, chikopa chimachita timakwinya tothawira mbali zonse ngati khungu la munthu, mukachotsa chala timafafanizika. Pulasitiki imangolowa ngati matiresi.

Kenako adandifunsa funso limene sindidaliganizirepo chibadwire. Nkhosa ndi yaikulu bwanji? Chikopa cha mwanawankhosa chimangokwana ngati theka la sikweya mita, ndipo jekete ya munthu wamkulu imadya zikopa zotere zisanu kapena kuposa. Choncho jekete yeniyeni ya nkhosa imakhala ndi misoko yambiri, zidutswa zolumikizalumikiza. Wogulitsa akamalumbira kuti ndi nkhosa koma chovala n'chofika m'mawondo, msana wonse chidutswa chimodzi chopanda msoko, mufunseni ngati nkhosayo inkakoka ngolo.

Ndidawafunsa zodontheza madzi, poti ambiri amati chikopa chimamwa. Adapukusa mutu. Chimamwadi ngati sichidapakidwe utoto wokhuthala, koma zikopa zambiri za majekete n'zopakidwa, ndiye dontho limangotsetsereka chimodzimodzi ndi papulasitiki. Za machesi adakaniratu. Inde pulasitiki imasungunuka n'kununkha ngati jumbo yogwera pamoto, chikopa chimanunkha ngati mutu wa mbuzi ukamawawulidwa. "Koma ukawotcha katundu wa mwini pamsika," adatero, "chikopa chimene chiyesedwe tsiku limenelo ndi chako."

Chimene amakhulupirira iwo ndi m'mphepete modulidwa, pamsoko wam'kati kapena pabowo la batani. Zikopa zambiri masiku ano amazifufuta ndi mchere wa chrome, ntchito ya tsiku limodzi kapena awiri pamene makungwa a mitengo amatenga milungu, ndipo zimatuluka m'migolo yozungulira ija zili za buluu wotuwa. Ku Gweru ankati wet blue. Utoto ukapanda kulowa mpaka pakatikati, m'mphepete mumaoneka kamzere ka buluu kameneko. Mukaona kamzereko dziwani kuti nyama idafadi. M'mphepete mwa pulasitiki mumaoneka zinthu zosanjikiza, kansalu pansi, kathovu pakati, kakhungu pamwamba.

Pali msampha wina umene umakola ngakhale mphuno. Chikopa cha ng'ombe n'chokhuthala, ndiye kufakitale amachipatula ndi mpeni wa makina, chimodzi n'kutuluka ziwiri. Chapamwamba, kumene kudali ubweya, ndicho champhamvu ndi chodula. Chapansi n'chofooka, ndipo ena amachipaka PU yomwe ija kuti chioneke chosalala. Kuseri ulusi ulipo, fungo lilipo, lebulo imati genuine leather ndipo sikunama, koma pakapita zaka chimasupuka ngati changa chomwe. Kunsi kwa zonse kuli chimene amati bonded leather, nyenyeswa za zikopa zopera n'kuziumba ndi guluu ngati chigumu cha madeya. Apa mkuluyo amapinda mwamphamvu pamalo obisika n'kuyang'ana pamkhotapo. Chopakidwa chimatuwa, chimawala mwa pulasitiki, ndipo khungu limaoneka ngati likufuna kulekana ndi mnofu.

Usiku umenewo mkwiyo udandigoneka pa intaneti. Ndinkafuna kudziwa ngati jekete yanga, ngakhale idali ya nsalu, inkafananako n'komwe ndi ya m'filimu. Ndidakapeza kuti kunja kuno kuli anthu amene amakangana za batani limodzi mwezi wathunthu.

Ya Tom Cruise sadaipeke opanga filimu. Ndi G-1, jekete ya oyendetsa ndege a asilikali apamadzi a ku America, ndipo dzina limeneli idalandira mu 1947. Kwa zaka zambiri inkasokedwa ndi chikopa cha mbuzi. Kolala yake ndi chikopa cha nkhosa chosachotsa ubweya, wongometa ndi kudaya, moti mukapatula ubweyawo ndi zala mumapeza khungu pansi, osati ukonde wa nsalu. Kumsana, kuseri kwa mapewa, kuli makwinya awiri aakulu opindira m'kati amene amatseguka munthu akatambasula manja, poti woyendetsa ndege amagwira zitsulo zake atakhala pothina. Matumba awiri akutsogolo amatseka ndi mabatani. Pakachikopa kotchinga mphepo kuseri kwa zipi, ambiri ali ndi zilembo USN zoboolaboola, chidule cha dzina la asilikali apamadziwo. Yanga makwinya a kumsana idali nawo ongonamizira, osokedwa n'kutsekeratu, ndipo kolala idali ya ubweya wa chidole.

Chimene chidandiseketsa ndekha pakati pa usiku ndi baji yaikulu yakumsana. M'filimu ya 1986 bajiyo ndi yolembedwa Far East Cruise 63-4, ya sitima ya USS Galveston, ndipo ili ndi mbendera zinayi, ya America, ya United Nations, ya Japan ndi ya Taiwan. Mu 2019, atatulutsa kanema wamfupi wotsatsa filimu yachiwiri, anthu adaona kuti mbendera za Japan ndi Taiwan zachotsedwa, m'malo mwake mwaikidwa zizindikiro zopanda mwini za mitundu yofananako. Ambiri adati n'kuopa kukwiyitsa China, imene siwerengera Taiwan ngati dziko. Filimu itatuluka mu 2022 mbendera zija zidabwerera. Ndidayatsa tochi ya foni kukayang'ana yanga. Idali ndi zizindikiro zopanda mwini zija. Winawake kwinakwake adaimitsa kanema wa 2019, n'kukopera, n'kuyamba kusoka. Ine ndidayenda chisanu chonse cha ku Angónia nditabereka mkangano wa China ndi Taiwan kumsana, osadziwa.

Koma powerengabe, liwu lija lakuti original lidayamba kusungunuka m'manja ngati mchere wonyowa. Zovala za m'filimu amazipangira diso la kamera. Jekete ya Harrison Ford mu Raiders of the Lost Ark, ya 1981, imaoneka ngati yayenda m'zipululu zaka makumi awiri, koma idali yatsopano, ya chikopa cha nkhosa, ndipo Deborah Nadoolman, amene adakonza zovala za filimuyo, adafotokozapo kuti adaikalambitsa yekha ndi burashi ya waya ndi kampeni ka m'thumba. Sidalinso imodzi. Filimu yothamangathamanga imafuna majekete angapo ofanana, ina ya mwini wake, ina ya womugwera m'malo. Mu Mad Max ya 1979, ya ku Australia, ndalama zidali zochepa moti apolisi ambiri m'filimuyo adavala pulasitiki, chikopa chenicheni chidapita kwa Mel Gibson. Chijasi chachitali chakuda cha Keanu Reeves mu The Matrix, ya 1999, chidali cha nsalu yaubweya, koma pa intaneti mukachipeza cha chikopa, atalembapo kuti n'chofanana ndendende.

Ndiye pali mafunso awiri amene ogulitsa amakonda kuwamanga mtolo umodzi kuti tisawamasule. Lina n'lakuti chovalachi chikufanana bwanji ndi chimene tidaona pakanema. Lina n'lakuti chapangidwa ndi chiyani, ndipo wasoka ndani. Jekete ikhoza kufanana ndi ya m'filimu mpaka ulusi wa batani koma n'kukhala pulasitiki, ndipo pena pulasitikiyo ndiyo ikunena zoona za filimuyo. Munthu wa ku London wosonkhanitsa zinthu za m'mafilimu, wozikoloweka m'kabati yagalasi, funso loyambalo ndi lake ndipo sindimunyoza. Ine wokwera chapa, wokhala nyumba ziwiri, ina m'ng'anjo ina m'chisanu, ndidalipirira funso la eni ake n'kuiwala langa.

Pamene liwu la original limafikako pafupi ndi pa jekete ya Indiana Jones, dzina la Harrison Ford mu Raiders of the Lost Ark muja. Peter Botwright, amene adasoka za mu 1981, adapitiriza kusokera anthu wamba pansi pa dzina la Wested Leather ku Kent, ku England. Mtengo wake, musadawerengere kutumiza ndi msonkho, umasiya kutali zimene ndidalipira ine. Chimenecho chokha chikadandichenjeza. Majekete ambiri "a m'filimu" amene amatsatsidwa pa intaneti amasokedwa ku Sialkot, ku Pakistan, ndipo sindikunena izi monyoza. Ndi mzinda wa amisiri, ina mwa mipira ya World Cup ya 2014 idapangidwa kumeneko. Amasoka chimene woitanitsa walipira. Akafuna mbuzi yabwino amupatsa, akafuna pulasitiki amupatsa, koma chithunzi chotsatsira chimakhala chimodzimodzi, kawirikawiri chongodulidwa m'filimu momwemo. Masiku ano wogulitsa akandionetsa nkhope ya Tom Cruise ndimamupempha kuti ajambule msoko wam'kati, ajambule chikopa pafupi kwambiri padzuwa, ndipo aiike jeketeyo pasikelo. Ambiri amawerenga uthengawo, timizere tiwiri n'kusanduka ta buluu, basi zii.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawa ndikamawoloka mlatho wa Samora Machel n'kuona mbuzi zitamangidwa panjinga kupita kokaphedwa. Chigawo chathu chino n'chotchuka ndi mbuzi. Cabrito de Tete, mbuzi zodya masawu ndi malambe, ndi dzina loyamba m'Mozambique kulembetsedwa m'kaundula woteteza katundu wodziwika ndi dera lake. Nyama imapita mpaka ku Maputo. Nanga zikopa? Zina zimakakhala ng'oma, zina mipando ya njinga, zambiri ndaziona zikuuma pamiyala agalu akuzilondera. Makolo athu Angoni ankapanga zishango za chikopa cha ng'ombe, ndipo agogo anga ankafufuta chikopa cha mbuzi ndi manja mpaka chifewe choberekera mwana. Mdzukulu wawo adatumiza mametikali 6,500 ku Maputo kukagula chithunzi cha chikopa cha mbuzi chodindidwa pansalu.

Mng'ono wanga amayendetsa njinga yamoto, kunyamula anthu ndi matumba a mbatata pakati pa Ulongwe ndi Calómuè. Kwa iye nkhani ya jekete si yotchena. Amadzuka 4 koloko m'mawa nkhungu ili pansi, ndipo adagwapo kawiri pamiyala. Anzake ambiri pasiteji amavala majekete onyezimira a m'mafilimu a njinga zamoto, mazipi mbali zonse, akuganiza kuti avala chishango. Chikopa cha nkhosa cha majekete otchenera sichikwana n'komwe milimita imodzi, pamene cha ng'ombe chopangira okwera njinga zamoto chimakhala mamilimita 1.2 mpaka 1.4. Ku Ulaya zovala za okwera njinga amaziyesa pozikhula pansi ndi makina, pamuyeso wotchedwa EN 17092, n'kuzipatsa chilembo A, AA kapena AAA. Majekete a pasiteji aja simungawapeze ndi chilembo chotere. Pulasitiki ikakhula phula imang'ambika nthawi yomweyo, n'kusiya chigongono chikambirane chokha ndi msewu.

Mu Julayi tidapita limodzi kukaunjika. Kuno timati kalamidade, dzina lotsalira m'zaka za m'ma 1980, pamene zovala zinkabwera ngati thandizo kwa ovutika ndi nkhondo ndi chilala. Mayi wina adali atangotsegula belo la majekete. Onyezimira adawakoloweka m'mwamba pachingwe. Pansi pamulu padali ina yakuda, yotuwa m'zigongono, kolala yopindika ngati khutu la galu.

Nditainyamula dzanja lidatsika. Makilo awiri idakwana. Thumba lina lam'kati lidali long'ambika, ndipo ndidathokoza, poti ndi pomwe ndidapisira zala. Ndevu za chimanga zija zidalipo. Ndidatembenuza msoko padzuwa, kamzere ka buluu wotuwa kali pakati. Ndidadina, timakwinya tidathawa n'kubwerera. Zipi idali yachitsulo, ya YKK, kampani ya ku Japan ya kuyambira 1934, koma poti zilembo zitatu aliyense akhoza kudinda, ndidaikweza ndi kuitsitsa kasanu ndi dzanja limodzi, ndipo sidakodwe. Ndidayang'ana m'khwapa, pamene osoka mothamanga amabisa machimo awo. Ulusi udali wokhuthala, mzere wowongoka, masitichi atatu kapena anayi pa sentimita, osadumpha. Inkanunkha kabati ya munthu wosuta fodya wa kudziko lina.

"Achimwene, imeneyi yakalamba," adatero mng'ono wanga. "Anthu aziti ndavala ya malemu."

"Ivale kaye."

"Imeneyo ikulemera, anthu akuikana," adalowererapo mayi wogulitsayo. "Tengani iyi yam'mwambayi, yatsopanotsopano, ngati ya mu vidiyo."

Yam'mwambayo ankaitchula mametikali 2,000, ndipo pakhosi pake padali patayamba kale kuchita timing'alu. Yolemerayo tidagwirizana 1,200, mayiwo akuoneka kuti akutimvera chisoni.

Tidapita nayo kwa mkulu uja. Adainunkhiza, adaipinda, adaiika pabondo n'kuisisita ngati mwana wa mbuzi. "Ng'ombe iyi," adatero. "Chapamwamba." Adatilangiza kuti ikanyowa iziumira pamthunzi, osati padzuwa kapena pafupi ndi mbaula. Nyengo ya dzinja tisaitsekere m'jumbo, ichita chuku. Mafuta ophikira ayi, amavunda n'kuitana mphemvu. Ndipo pamsomali isadzakhalenso, adandiyang'ana ine ponena zimenezi, koma pa hang'ala ya mapewa otambalala.

Jekete yakale ija ndidali nditawasiyira. Zipi yake adaiika kale pachikwama cha mwana wasukulu, koma mabaji adawasunga m'chitini cha polishi. Mng'ono wanga atawaona maso adayera.

"Agogo, simungandisokereko onsewa apa?"

"Ndikhoza. Koma chikopa si nsalu, mdzukulu wanga. Bowo la singano silitsekeka. Ukadzatopa nawo mabajiwa udzatsala ndi sefa. Sankha imodzi."

Adawayala pabenchi, adawatembenuzatembenuza nthawi yaitali, makasitomala awiri akumuimbira foni osayankha. Ndinkayesa kuti atenga kakang'ono ka ndege. Adatola chachikulu chakumsana chija, cha mbendera zopanda mwini. Ndidayamba kumufotokozera za 2019, za Taiwan, za kanema wotsatsa, iye akungogwedeza mutu, maso ali pasingano ya mkuluyo ikulowa ndi kutuluka.

Atamaliza adaivala, adatambasula manja ngati wagwira kale mahandulo, n'kukweza zipi mpaka kuchibwano. Ndidamukumbutsa kuti ndalama ndidatulutsa ndine, ndipo tidagwirizana kuti tizibwerekana. Adavomera, adaliza njinga, n'kunena kuti abweretsa Lamlungu. Sadanene kuti Lamlungu liti, ndipo ndikulemba pano nditavala juzi.